Tsitsi la Lusungu

Timabuku timeneto tinkanunkha parafini ndi usipa, chifukwa tinkafika ku Mzimba m'katoni ya mwini golosale ina ya pafupi ndi depoti. Ndinali mu Sitandade 5, m'nyengo yachisanu, pamene mphepo yochokera ku Viphya inkating'amba milomo. Tinali timabuku ta zithunzi, ta m'Chingerezi, totsatizana. Munali munthu wa chikhoti chakuda amene ankatsikira kwa akufa n'kukawatenga. Wofa m'kabuku kamodzi ankadzuka m'kotsatira, zovala zili mbee, n'kuyamba kuzindikira abale ake mmodzimmodzi.

Ndimadana nato mpaka lero. Wojambula wake sanaikepo munthu m'manda. Akufa ake analibe fungo, analibe bokosi lolemera pamapewa, analibe amayi ogubuduka pafumbi.

Ndinkawerenga timabukuto pakhonde ndi Lusungu, mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe. Iye ankaloza zithunzi ndi kachala kotuwa ndi chisanu, ine n'kumamasulira mawu. Mu Julaye, bambo ake, amene ankacheka matabwa ku Luwawa, unawagwera mtengo wa paini.

Maliro atatha, linafika tsiku lometa. Abale anakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, lezala likuyenda mutu ndi mutu. Lusungu anathawira m'khola la mbuzi, manja onse ali pamutu.

"Tuluka, iwe mwana!" anakalipa azakhali ake. "Ukufuna kusunga imfa pakhomo pano?"

"Ndapota, ankhazi. Adada akabwera sadzandizindikira."

"Akabwera kuchokera kuti? Mbwenu ndi timabuku ta satana tija!"

Anamukoka, namupana pakati pa maondo. Sanalire. Ankangoyang'ana ine, womasulira wake, tsitsi likugwera pa diresi. Tsiku lomwelo timabuku tonse tinalowa mu mbaula, ndipo ndinawakwiyira azakhaliwo mpaka mvula inagwa. Kwa ine, anali atawotcha njira yokhayo yobwererera bambo aja.

Lusungu ndinadzamukwatira nditamaliza koleji. Tamuika m'manda chaka chino, kwathu ku Manyamula. Pa tsiku lometa ndinakhala pamphasa mwaulemu, monga munthu wophunzira, wodziwa kuti akufa sabwerera. Nditakula ndinkaganiza kuti bodza la timabuku tija linapsera mu mbaula. Koma lezala lisanafike pakhungu, achimwene anga amene ankandimeta anaima, nandiuza chapansipansi kuti ndichotse dzanja pamutu.