Ulusi Wofiira pa Madigadi a Trevor

Loweruka lililonse nyengo yofunda, kukangoyamba kuyera, amuna anga a Trevor Ackrill ankadzuka mwakachetechete, kuteleka ketulo, n'kupita kugalaja ndi makapu awiri. Ine ndinkawapeza atagwada kale pambali pa kagalimoto kawo, tepi ili kukamwa, akumata tizidutswa ta ulusi pa boneti ndi pa madigadi. Ulusiwo unali wanga wolukira majuzi. Ankafuna wofiira chifukwa umaoneka bwino pachithunzi.

"Umenewotu ndi wa juzi yanu ya Khirisimasi," ndinawauza tsiku lina.

"Ingolukani ya mkono umodzi, mayi. Winawu ndizipisa m'thumba."

Galimotoyo inabwera m'mabokosi, ndipo anailumikiza okha kwa zaka zitatu. Inali ya mipando iwiri, yopanda denga, yopanda zitseko, matayala akutsogolo ali panja, lililonse ndi madigadi ake ngati a njinga. Ntchito yawo inali kufakitale ina yopanga mabafa a faiba, komwe anakhala zaka makumi atatu akuthira utomoni ndi kupala. Sukulu sanapite nayo patali, koma manja awo ankadziwa chinthu chosalala.

Tinkapita kubwalo la ndege lakale, la nthawi ya nkhondo, kufupi ndi tauni ya Louth. Iwo ankayendetsa, ine nditakhala pambali ndi kamera, mpango nditamanga zolimba, ndikupemphera chamumtima. Pomwe mphepo ikudutsa bwino, ulusi umagona. Pomwe ikuzungulira, ulusi umavina, mwina kuloza kutsogolo kumene. Pa madigadi unkavina ngati wopenga. A Trevor anaona kuti pa liwiro mphepo imalowa pansi pake n'kumanyamula kutsogolo kwa galimoto, chiwongolero n'kupepuka m'manja. Anasema chikombole chawo, naumba madigadi ena okhala ndi timipata tisanu pamwamba, kuti mphepo ipeze potulukira. Loweruka lomwe ulusi unagona, anaimitsa galimoto n'kundipsompsona pamphumi, chinthu chomwe sankachita panja.



Kukalabu yawo, komwe amapikisana kukwera chitunda pa galimoto mmodzimmodzi, anawaseka. Tsiku loyamba anafika tizidutswa tina tikadali pa boneti.

"Taonani anthuni, ya Trevor yavala juzi!" anakuwa a Gerald Maltby, wapampando wa kalabuyo, dokotala wa mano wopuma ntchito. "Aise, ikumva kuzizira kodi?"

"Mawa aiveka masokosi," wina anatero.

"Ndipo madigadi obowokawo, mbewa zakudyera? Chotsa, mdala. Muno galimoto izioneka mmene inapangidwira. Si bafa iyi."

A Trevor anaseka nawo. Kenako anagwada pa udzu wonyowa, pamaso pa onse, n'kumasula madigadi awo, kubwezera akale. Zaka zinayi ankalemba kalata ku komiti, zithunzi zanga zili momwemo. Zaka zinayi yankho linali lomwelo, loti lamulo ndi lamulo. Anthu omwewo akaphwanya mphuno za magalimoto awo ankathamangira kwathu. A Trevor ankawamatira bwinobwino, ine n'kumawapatsa tiyi ndi mabisiketi. Ndikakumbukira mabisiketi amenewo mtima umandiwira.

Chifuwa chinawayamba a Trevor pang'onopang'ono. Adokotala anati fumbi la kufakitale la zaka zonsezo ladzaza m'mapapo. Anatisiya mu Febuluwale chaka chatha, ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. A kukalabu anatumiza nkhata yaikulu ya maluwa.

Mu Juni, mkamwini wa a Gerald akudutsa pamsonga pa chitunda chija, kutsogolo kwa galimoto yake kunapepuka, nakagwera m'mitolo ya udzu yomwe amatchingira msewu. Anathyoka phewa. Mwezi usanathe, kalata ya kalabu inalengeza kuti madigadi a timipata aloledwa, kutsatira "kafukufuku wa wapampando wathu." Dzina la a Trevor munalibe. Ndinawerenga kawiri, n'kutembenuza pepala kuona ngati lili kuseri.

Kenako a Gerald anabwera okha, chipewa chili m'manja.

"Mayi Ackrill, mukupeza bwanji? Pepanitu, sitinabwere kudzakuonani. Chikombole chija cha malemu chikadalipo? Tikanachisamala ife, kusiyana n'kuti chizingodya fumbi."

"Fumbi linadya kale mwini wake, a Maltby."

"Eee, zoonadi. Anali munthu wamanja, Trevor. Wanthabwala."

"Anthabwala munali inu. Mwalemba kuti munafufuza. Munafufuzira kuti? Ulusi wake unali wamtundu wanji?"

Anayang'ana chipewa chawo.

"Mayi, zimene zija n'zongolemba. Chachikulu n'chakuti wina asavulalenso."

Pamenepo ananena zoona, ndipo n'zomwe zinandipweteka kwambiri. Sindingasunge chikombole mwana wa munthu n'kukafa pachitunda. Ndinawauza kuti ndidzachipereka tsiku lomwe dzina la amuna anga lidzalembedwe m'kalata yomweyo, pamalo omwewo. Anati akakambirana ndi komiti. Papita miyezi isanu. Mipikisano iyambanso mu Epulo, ndipo ndikudziwa kuti ndidzachipereka ndithu, alembe asalembe. Zimenezi nawonso akuzidziwa.

Ine si munthu wolongolola. Kutchalitchi ndimakonza maluwa, ndimakhala mpando wachitatu kuchokera kumbuyo. Koma pemphero likafika pa mawu okhululukira otilakwira, milomo yanga imatsekeka yokha. Abusa akuti ndiupereke mkwiyowu kwa Ambuye. Ndimaupereka Lamulungu m'mawa, pofika masana ndimaupeza wandidikira pakhomo.

Nthawi yomaliza imene a Trevor anapita kukalabu sankathanso kuyendetsa. Ndinawatengera ndine, n'kuwakhazika pampando wopinda pafupi ndi poyambira mpikisano. A Gerald akudutsa ndi mapepala awo, amuna anga anawagwira mkono wa jekete. Mpweya unkawavuta, mawu ankatuluka awiriawiri. A Gerald anamvetsera maso ali pa wotchi, wina anawaitana, n'kuchoka.

"Gerald, za lamulo zisiye," ndiwo mawu amene a Trevor anawauza asanachoke. "Udzabwere Loweruka limodzi lokha. Uyendetse ndiwe, ine ndikhale pambali. Udzangouona wekha ulusiwo."