Dzinja Limene Ndinalowa M'kachisi wa Farao

Mboni zanga ndi zitatu: amayi, omwe ali moyo ndipo mutha kukawafunsa ku Sharpevale, malume, omwe anatisiya, ndi tambala wofiira, yemwe pa zifukwa zimene mumve posachedwa sangathe kuikira umboni. Onsewa akudziwa kuti ine ndinapita ku Iguputo ndili Sitandade 3, wopanda nsapato.

Malume anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi kabokosi kakuda ka magalasi awiri. Ukaikapo maso n'kuloza kudzuwa, umapezeka uli mkati mwa chithunzi. Tsiku lina anandiitana: "Mphwanga, bwera udzaone kachisi wa Farao."

Ndinalowa. Sindikunama, ndinalowa. Zipilala zonenepa kuposa mlambe, denga lamwala lili chilili, utoto wabuluu ngati apaka dzulo. Pakhoma panali anthu a mitu ya mbalame, wina mutu wa ng'ona, onse akuyang'ana cham'mbali ngati anthu odziwa mlandu wako. Panalibe mwala ngakhale umodzi wogwa, ndipo n'chimene chinandiopsa: nyumba ikakhala yosagwa, ndiye kuti mwini wake alipo. Mkatikati munali khomo lakuda bii. Ndinachotsapo maso msangamsanga.

Lamulungu lotsatira aphunzitsi a Sande sukulu anatiphunzitsa miliri khumi ya ku Iguputo. Womaliza: imfa ya ana achisamba. Ine ndine wachisamba. Ndipo ndinali nditalowa kwa Farao osanena odi.

Linali dzinja. Mtsinje unafiira. Lero ndikudziwa kuti anali matope ochokera kumapiri, koma nthawi imeneyo ndinapinda chala: woyamba. Achule a ku Bwanje anasefukira, wina ndinamupeza atakhala mumtsuko ngati kwawo. Nsabwe amayi anazipeza m'mutu mwanga momwe. Ntchentche za nyengo ya mango zinanyamula mbale yanga n'kuisuntha, ndikulumbira. Mbuzi ya aneba inafa. Chithupsa chinandituluka pamalo osatchulika. Matalala atang'amba chimanga, ndinasiya kudya. Miliri inatsala itatu.

Dzombe sindinalidikire. Masana ena, onse ali kumunda, ndinagwira tambala wa amayi, poti mwana wa nkhosa tinalibe. Ndinamupepesa kaye. Magazi ake ndinapaka pamphuthu za chitseko monga anachitira Aisiraeli, kenaka ndinadzitsekera m'nyumba.

Amayi atafika anakuwa, anthu n'kuthamangira kwathu. Magazi pakhomo ndi nkhani ya ufiti, ndipo ndili mkatimo ndinamva mayina akuyamba kutchulidwa. Loyamba linali la mayi wina wamasiye amene ankandipatsa mango. Anyamata atayamba kutola miyala, ndinaopa kuposa mmene ndinkaopera Farao. Ndinatuluka tambala ali m'manja, n'kuulula zonse.

"Iwe, Farao achoke kwawo konseko kudzafuna iweyo? Ali nawe chiyani?" anatero amayi. Zimene zinatsatira sizinalembedwe m'Baibulo, koma ine ndimaziwerenga ngati mliri wachisanu ndi chitatu.

Anthu anabalalika akuseka. Malume okha sanaseke. Titatha kudya tambala uja, anatenga kabokosi n'kuyang'anamo nthawi yaitali, akutsokomola. "Mwala wonsewu uli pamwamba pa mitu ya anthu," anatero, "ndipo sunagwerepo munthu." Ndinaganiza kuti akutamanda Farao, ndipo ndinasendera kutali nawo. Za anzawo anayi amene anatsikira nawo pansi mumgodi osatulukanso, amayi anadzandiuza ndili ndi ndevu kale.