Nsapato za mwana wa abwana

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene Abambo anandibweretsera nsapato zothamangira zimene mwana wa abwana awo anazisiya. Nthawiyo tinali kudziko la eni, ndipo iwo ankagwira ntchito ya m'galadeni ku Lynnwood, n'kumagona komweko kuseri kwa nyumba, kumene ana sankaloledwa. Ine ndinkakhala ku Mamelodi, m'kachipinda ka lendi kwa mayi wina wachipedi, mtundu wina wa anthu a kumeneko. Amayi anali kumudzi ku Dedza. Abambo ndinkawaona Lamlungu lokha.

Kusukulu ankandiseka kalankhulidwe, moti pa buleki ndinkadyera ndekha kuseri kwa kalasi. Koma pa liwiro, aaa, panalibe wondigwira. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: kulowa m'timu ya sukulu, kuti nanenso andiwerengere.

Tsoka lake, nsapato zija zinali zazikulu, ndiye ndinkatsendera nyuzipepala kuzala. Poyamba ndinabinya phazi pokhota. Nditachira ndinabwerera, chikhadabo n'kuzuka. Kenako bondo linatupa. Ndinkagona m'kachipinda kaja, nsanza yonyowa ili pamwendo, n'kumamva anzanga akudutsa kupita kubwalo. Ndinkalira, sindibisa. Aphunzitsi anandiuza kuti ndizithamanga wopanda nsapato ngati kale, ine ayi. Ndikanavula bwanji chinthu chimene Abambo anabwera nacho pasitima monyadira chonchija?

Lamlungu lina anandipeza ndikutsimphina. Anatola nsapato imodzi n'kusololamo nyuzipepala, ili ndi magazi ouma. Kenako anafunsa chifukwa chimene sindinawauzire. Ndinati ndinkaopa kuwakhumudwitsa.

"Mwana wa abwana ali ndi mapazi ake, iwe uli ndi ako," anatero. "Ine ndinkafuna uzithamanga, osati uzindisungira nsapato."

Madzulo pobwerera ku Lynnwood anapita nazo.

Kuyambiranso kunali kowawa, pakuti timu inali itasankhidwa kale popanda ine. M'mamawa, chisanu chili mbuu pa udzu, ndinkazungulira bwalo ndekhandekha, mapazi atachita dzanzi. Poyamba ndinkangoyenda, kenako kuthamanga pang'onopang'ono. Bondo likaluma ndinkaima, mawa n'kuyesanso. Odutsa anali azimayi othamangira sitima ya kuntchito, ndipo palibe anacheukapo.

Chaka chotsatira anandisankha. Mpikisano unali Loweruka, Abambo ali pantchito. Ndinakhala wachitatu, popanda wanga wondiombera m'manja.

Mawa lake Abambo atafika ndinayamba kufotokoza mwaphuma, koma iwo anandikhazika pabedi. Anagwada pansi ndi suti yawo ya kutchalitchi, n'kuyamba kundipima mapazi, chala ndi chala, mpaka kubondo, manja awo okhakhala akununkha dothi. Atakhutira m'pamene anadzutsa mutu.

"Tsono ukuti unakhala wachingati?"

Nthawiyo zinandinyansa kuti sanafunse zimenezo poyamba. Lero, ndili ndi ana anga, ndimamvetsa. Chaka chonse chimene ndinkazungulira bwalo ndikudziyesa wosiyidwa, Abambo ankathirira maluwa a eni ake akudziimba mlandu wa mapazi anga, nawonso alibe wowauza.