Kuperekeza Yotamu ku Mtendere

Tinanyamuka kwathu ku komboni ya George, m'Lusaka muno, Lachiwiri m'mawa, anthu akadali pamzere wa madzi pampopi. Ndinali ndi mwana wanga Yotamu, bambo wa ana atatu, ndipo ndinkamuperekeza mmene amaperekezera mbuzi kumsika: iye patsogolo, ine pambuyo, maso pa miyendo yake. Mkazi wake, amake Esinati, sanatitsanzike. Anali atandiuza kale, atagwada mwaulemu, kuti Loweruka akwera basi ya kwawo ku Chipata pamodzi ndi ana ngati mwamuna wake sapeza chithandizo pa mowa wakewu. Adzukulu amenewa anakulira kumsana kwanga kuno. Mkazi akapita kwawo ndi ana sabwerera, ndinaonapo kwa ena. Choncho ndinamulonjeza kuti madzulo ndibwera ndi mankhwala m'manja.

Za malowo ndinamva kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Anati ku komboni ya Mtendere anamwino ochokera m'zipatala zazing'ono za m'makomboni akuphunzitsidwa kuthandiza anthu a mowa ndi chamba, ndipo akufuna anthu oti awaone, osalipira. Mawu akuti osalipirawo sanandikondweretse. Chaulere m'Lusaka muno chinatha pamodzi ndi makuponi a ufa, ndipo masiku amenewo ngakhale kuchipatala tinali titayamba kulipira. Koma Loweruka linali pafupi.

Pasiteji tinakwera minibasi yopita m'tauni. Kondakitala anati pini imodzi, ndiye kuti sauzande kwacha, munthu aliyense. Nditamufunsa kuti yakwera liti, anati mafuta anakwera usiku ine ndili mtulo. Ndinalipira ndekha, ndalama sizinayenera kudutsa m'manja mwa Yotamu. Ndinamukhazika kumbuyo pawindo, ine n'kukhala potulukira, kuti akafuna kutsika ayambe wadumpha mayi wake.

Msewu wochokera kwathu kudzera ku Matero unali maenje okhaokha, ndipo dalaivala ankayenda m'mbali, pafupi ndi matebulo a tomato. Yotamu nayenso anali dalaivala, wa mabasi aakulu a boma, mpaka pamene kampaniyo inatsekedwa. Ndalama zomwe anamupatsa pochoka zinathera kwa amayi ophika kachasu. M'minibasimo ndinaona phazi lake likuponda pansi nthawi iliyonse galimoto ikafika pa dzenje, ngati buleki ili kwa iye. Manja ake ankanjenjemera chifukwa anali asanalawe kanthu chidzukire. Anawabisa pakati pa mawondo.

Tinatsika m'tauni dzuwa litayamba kutentha. Amene sanafikeko m'zaka zimenezo adziwe kuti njira ya anthu oyenda pansi kunalibe. Paliponse panali milu ya zovala za salaula, mabatire, maloko, nsapato za phazi limodzi, ndi anyamata oitanira mabasi okoka anthu mikono. Kwa munthu wolondera chidakwa, tauni ndi nyumba ya makomo ambiri. Ndinagwira jekete lake kumbuyo n'kulipinda m'dzanja. Iye anang'ung'udza kuti ndi munthu wamkulu. Ndinamuyankha kuti ndikudziwa, ndinalipo tsiku limene anabadwa.

Tisanafike ku Kulima Tower, kumene timakwerera mabasi a kum'mawa kwa mzinda, ndinagula chinangwa chootcha ndi mtedza kwa mayi wina wa mbaula. Mayiyo anayang'ana dzanja langa pa jekete.

"Ambuya, mwagwira kawalala?" anafunsa, kutanthauza wakuba.

"Ndi mwana wanga."

"Vonse ni vimozi," anatero, akuthira mchere.

Yotamu anaseka. Ine ndinayang'anitsitsa chenji.

Minibasi yachiwiri inachedwa kudzaza. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anafuna kudziwa kumene tikupita, ndipo ndinamuuza kuti kumaliro. Anapepesa, n'kufunsa dzina la womwalirayo, poti iye ndi wa ku Mtendere komweko ndipo sanamve kulira. Ndinati malirowo ndi akale. Anandiyang'ana, n'kutembenukira pawindo. Tinadutsa mipanda italiitali ya anthu olemera, ya mabotolo osweka pamwamba, kenaka Kalingalinga, kumene mabedi, zitseko zachitsulo ndi mabokosi a maliro zimayanikidwa m'mbali mwa msewu ngati zovala.

Malowo anali holo yaing'ono kuseri kwa tchalitchi china. Panja panaima galimoto yoyera, m'kati anamwino ngati khumi ndi angapo ankamwa tiyi ndi mabanzi. Anatilandira mayi wamfupi wa imvi, ba Sisita Lungu, amene anali mphunzitsi wawo. Sanabise kanthu, ndipo zimenezi zinandichititsa kumukayikira kwambiri. Anati amene tionane naye ndi namwino wa zaka zambiri pa ntchito, koma kalankhulidwe katsopano kothandizira anthu a mowa akukaphunzira kumene. Mphunzitsiyo akhala pambali kumvetsera. Yotamu ali ndi ufulu wokana, ndipo chitseko chikhala chosakhoma. Ndinati ndiye kuti akufuna kuphunzirira kumeta pamutu pa mwana wanga. Anavomera kuti ndi choncho, koma lumo alilondera yekha.

Anatilowetsa m'kachipinda ka mipando inayi. Wophunzirayo anali ba Sisita Daka, mayi wa thupi, wa mawu aja amene amamveka kuchipinda cha amayi oyembekezera. Ndinamukonda nthawi yomweyo. Anafunsa dzina, ndinayankha ine. Anafunsa zaka, ndinayankha ine. Atafunsa kuti mowa anayamba liti, ndinayamba kufotokoza bwino kuchokera pachiyambi, koma mphunzitsi anandidula mwaulemu, nafunsa Yotamu ngati akufuna kuti mayi ake akhale m'katimo kapena adikire panja. Iye anati ndikhale, poti ngakhale atandiuza kuti ndituluke ndikaima pawindo. Anandilola kukhala, koma pakamwa potseka.

Ba Sisita Daka anayamba mofatsa, monga anawaphunzitsira. Sizinawatengere nthawi. Atamva kuti pakhomo pali ana atatu ndipo amene amadyetsa banja ndi mkazi, pogulitsa timapaketi ta ufa, mawu awo enieni anatuluka. Anamufunsa ngati alibe manyazi. Anamuuza za chiwindi, mmene chimatupira, ndi za amuna amene anawaona akufa mimba ili ngati ng'oma. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati apa ndiye ndalama za basi zagwira ntchito.

Yotamu anavala nkhope imene ndikuidziwa bwino, ya mutu wopendeka ndi maso apansi. Anati wamva, anati ba Sisita anena zoona, anati kuyambira lero wasiya.

Mphunzitsi anatsokomola. Anapempha Yotamu kuti amulole kulankhula ndi wophunzira wake pamaso pake, ndipo atalola anafunsa ba Sisita Daka ngati akukhulupirira zimene angomvazo. Iwo anati ayi. Anawauza kuti munthu ukamupanikiza pakona amakupatsa mawu amene ukufuna kuti umusiye apite, ndipo za chiwindi munthuyu wazimva kwa abusa, kwa mkazi wake ndi kwa mayi ake, sanakwere mabasi awiri kudzamva zomwezo.

"Mwakamba bwino, ba Sisita, koma mwakamba mweka. Manje mufunseni, ndipo mukafunsa muyembekeze."

Ba Sisita Daka anaika manja awo pansi pa ntchafu, n'kuwakhalira, kuti chala chisalozenso munthu. Kenaka anafunsa funso limene sindinamvepo m'chipatala chilichonse: kuti mowawo umamuchitira zabwino zotani.

Ndinadzuka theka. Mphunzitsi anandiyang'ana, ndinakhalanso. M'chipindamo munakhala zii nthawi yaitali, moti ndinamva supuni zikulira m'makapu kuholo kuja. Ba Sisita Daka anatsegula pakamwa kawiri kuti athandize, mphunzitsi n'kupukusa mutu pang'ono.

"Kuja ku mowa bakali kuniitana ba Dalaivala," anatero Yotamu. "Nikafika banipasa mupando. Ku nyumba nikangena, bonse bakhala chete."

Namwinoyo sanatsutse. Anangobwereza mawu akewo, kuti kumowa ndi kumene akadali munthu wa dzina. Yotamu anadzutsa mutu ngati wamva chinthu chachilendo, chonsecho wanena ndi iye mwini. Kuchokera apo analankhula nthawi yaitali: za msewu wa ku Chipata mmene ankaudziwira, za yunifomu imene anagulitsa, za kudzuka m'mawa wopanda kopita. Zina ndinkazidziwa. Sindinkadziwa kuti amaziganiza.

Atamufunsa chimene mowa wamulanda, sanatchule ndalama kapena chiwindi. Anati tsiku lina Esinati, mwana wake woyamba, akuchokera kusukulu ndi anzake, anamuona akubwera, nawolokera tsidya lina la msewu, nayang'ana kumbali mpaka anadutsa. Iye sanamuitane. Nkhani imeneyi sinafikepo m'makutu mwanga, ine amene ndimadziwa ngakhale nkhuku ya aneba ikaikira.

Pomaliza anamufunsa chimene iye mwini akuona kuti angathe. Anati kunama sakufuna, kusiyiratu sangathe, koma mowa wa m'mawa uja akhoza kuyesa kuuchedwetsa, ndipo sakufuna kuti mwana adzamuonenso pamsewu ali choncho. Mphunzitsi anamuchenjeza kuti munthu wonjenjemera manja chotero asasiye mwadzidzidzi ali yekha, zimatha kumugwetsa. Abwerenso Lachinayi kuti wachipatala amupime thupi, aone mochepetsera bwino. Anamufunsa ngati abwera. Anati aganiza.

Apa ndinatsegula pakamwa, poti nthawi yanga inali itakwana. Ndinafunsa za jakisoni. Panalibe. Ndinafunsa za mapilisi oti akamwa mowa uzimununkha. Mphunzitsi anati alibe oti andipatse, ndipo sangandipatse chinthu chongondisangalatsa. Ndinamufotokozera za Loweruka ndi za adzukulu anga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, nati ndi zolemera ndithu, ndipo mpongozi wangayo ngati akufuna abwere naye Lachinayi. Potuluka ndinamva akuuza ba Sisita Daka kuti theka lachiwiri anachita bwino. Iwo anayankha kuti kukhala chete n'kopweteka kuposa kugwira ntchito usiku.

Tinabwerera m'tauni dzuwa litapendeka, manja ali lende. Pafupi ndi siteji ya mabasi a kwathu panali mnyamata atayala mankhwala pa thumba la saka: a mutu, a m'mimba, a mphamvu za abambo. Ndinasankha mapilisi ofiira, amene anati ndi owonjezera magazi ndipo sapha munthu. Anandikulungira m'kapepala. Ndinauza Yotamu kuti tikafika tikanene kuti awa ndi amene atipatsa anamwino, amwe limodzi m'mawa limodzi madzulo, mkazi wake aone. Sanayankhe. Ndinayesa kuti tagwirizana. M'minibasi yomaliza anagona mutu uli pawindo, kondakitala akukangana ndi bambo wina amene ankafuna kuti thumba lake la makala likwere ulere.

Tinapeza amake Esinati ali pa tebulo lawo la ufa pakhomo, ana akusewera kuseri. Ndinakhala pampando, ndinapempha madzi, kenaka ndinamasula kapepala kaja n'kukaika patebulo. Ndinati chithandizo chija ndi ichi.

"Aya amai bagula mu tauni," anatero Yotamu, ataima pakhomo. "Kuja kulibe mankhwala. Sininaleke moba, amake Esinati, ningakuname. Baniuza nibwelele pa Chinayi. Nifuna kuyenda."

Ndinayang'ana pansi, n'kuyamba kuganiza za mtengo wa basi yopita ku Chipata kukaona ana pa Khirisimasi.

Mpongozi wanga anatenga kapepalako, anayang'ana mapilisiwo, nakapindanso bwinobwino n'kundibwezera ndi manja awiri. Analeredwa bwino. Anamanga paketi ina ya ufa, namanganso ina. Ndiyeno anauza mwamuna wake kuti mawu akuti ndasiya anawamva kambirimbiri, ena Baibulo lili m'manja, koma akuti sindinasiye akuwamva koyamba.

"Basi ya ku Chipata siyenda Loweruka lokha," anatero. "Lachinayi ndipita nanu ine. Amayi apume."

Madzulo omwewo Yotamu anatuluka, ndipo tonse tinadziwa kumene wapita. Anabwerako tisanagone, akuyenda yekha osagwira khoma. Sindikunena kuti anachira, ndipo anamwino aja sindinganene kuti ndinawakhulupirira. Anthu ofunsa chidakwa ubwino wa mowa ndi ofunika kuwayang'anitsitsa. Chimene ndinaona n'chakuti mwana amene ndamufunsa mafunso zaka makumi anayi anayankha mlendo, chifukwa mlendoyo atafunsa anadikira. Ine ndikafunsa, yankho ndimakhala nalo kale.

Amene akufuna kupitako anyamule ya mabasi anayi ndi kanthu kodya, poti tiyi ndi mabanzi ndi za ophunzira okha. Mankhwala asayembekezere. Ofiira aja ndinamwa ndekha, limodzi m'mawa limodzi madzulo, poti ndinali nditalipira kale.