Ng'ombe Yofiira ya Eunice

Eunice ndi msuweni wanga, ndipo ndineneretu kuti ndi wamakani. Amagwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe, kutayipa ndi kuyankha mafoni, koma mtima wake uli m'khola la kuseri kwa nyumba ya malemu amayi ake kuno ku Nsaru. Lachisanu lililonse madzulo amatsika minibasi ndi thumba la madeya, n'kukwera kabaza mpaka kumudzi. Mukamuona Loweruka ali m'ndowe, akupopera ng'ombe mankhwala a nkhupakupa, simungakhulupirire kuti ndi yemwe uja wa nsapato zagogoda.

Kuipa kwa kuweta uli kutali n'kwakuti ng'ombe imakhala yako Loweruka ndi Lamulungu basi. Masiku enawo aliyense ndi mwini wake. Eunice anali nazo zinayi. Ina inafa ndi matenda sabata yomwe abwana anamukaniza tchuthi. Ina inadya dimba la eni, mlandu n'kuweruzidwa iye kulibe, ng'ombe n'kupita. Yachitatu inaphedwa pa maliro a amayi ake, ndipo apo sanatsegule pakamwa. Inatsala imodzi, yaikazi, yofiira. Inali ndi bere, ndipo khola lonse la mawa linali m'mimba mwakemo.

Chaka chathachi banja linamanga chiliza pa manda a amayiwo. Simenti anagula ndi Eunice. Koma kwathu kuno chiliza sichithera pa simenti. Tsiku lochionetsa, anthu amabwera kuchokera m'midzi yonse yozungulira, ndipo amayembekeza nyama. Amalume athu a Zakeyu, amene amayendetsa za banja, sanavutike n'kufunsa. Mwambo unali Loweruka, ndiye anakonza zoti yofiirayo igwe Lachisanu masana, kuti mwini wake pofika madzulo apeze chikopa chitayanikidwa kale.

Ine zinandinyansa. Nditaona mipeni ikunoledwa m'mawa umenewo, ndinamuimbira foni Eunice.

Akuti atapempha kuti achoke, abwana ake anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ng'ombe, mayi? Ng'ombe si mwana wodwala. Mukatuluka pakhomopo, za Lolemba sindikulonjezani."

Anatuluka.

Anafika dzuwa lili paliwombo, fumbi mpaka m'nsidze. Yofiira ija inali itamangidwa kale pamtengo. Eunice anavula nsapato, n'kumanga chitenje pamwamba pa siketi ya ku ofesi, n'kugwada bwinobwino pamaso pa amalume.

"Amalume, ng'ombeyi ili ndi bere."

"Tikudziwa. Kodi ukufuna alendo a mayi ako adye chiyani?"

"Nyemba zilipo. Nkhuku zanga zonse gwirani."

"Nkhuku? Pa chiliza cha mlongo wanga?" Amalume anakalipa. "Iwe, ofesi yakuzunguza mutu eti? Ukamana abale lero, tsiku lako likadzafika adzakunyamula ndani?"

Mawu amenewo kwathu ndi olemera, ndipo ndaonapo amuna a ndevu akugonja nawo. Eunice anadzuka, n'kupita pamtengo paja, n'kumasula chingwe ndi manja ake.

"Odzandinyamula adzadye nyemba, amalume. Iyi yokha ayi."

Anaikoka yekha, wopanda nsapato, kudutsa pakati pa amuna ogwira mipeni, mpaka kukaisungitsa m'khola la mnzake wa kutchalitchi kutsidya kwa dambo. Palibe anamugwira, komanso palibe anamuperekeza. Ngakhale ine ndinangoima pomwepo ngati chitsa.

Loweruka anthu anadzadza. Amayi a m'banja anayala mphasa zawo patali ndi iye. Itakwana nthawi ya mawu, amalume anaimirira n'kupepesa alendo kuti ndiwo zachepa, chifukwa m'banja muno muli mwana wina amene amakonda ng'ombe kuposa mayi ake omubereka. Maso onse anayamba kufufuza.

Eunice anaimirira pakati pa khamulo. Misozi inali ikutsika, koma sanaipukute, ndipo mawu ake sanagwedere.

"Musavutike n'kufunafuna, ndine. Amayi ndinawaika ndi ng'ombe. Yatsalayi ibereka."

Anakhalanso pansi, n'kutenga mbale yake ya nyemba, n'kudya yonse anthu akumuyang'ana.