Kaya wa a Efigénia

Ku Lifidzi kwathu kunali mayi wina dzina lake Efigénia, koma mukanafunsa dzina limenelo pamsika anthu akanangokuyang'anani. Onse ankawadziwa kuti a Kaya. Anali mzamba, ankadziwa mizu ya m'mimba ndi ya chifuwa, ndipo wina akawaumiriza ankaombeza ula ndi tizigoba tawo tinayi. Dzinalo linabwera chifukwa cha khalidwe limodzi limene anthu sankalikonda: akafunsidwa chinthu chimene sakuchidziwa, ankangoti, "Kaya." Munthu ayende mtunda wautali akutsimphina, afunse amene wamulodza phazi, iwo n'kuligwira phazilo, n'kunena kuti, "Wolodza kaya. Koma muli munga umu." Ambiri ankabwerera okhumudwa. Munga ndi nkhani yochititsa manyazi kukaifotokoza kumudzi.

Anali aafupi, a mawu aakulu, ndipo nthawi yambiri ankakhala kudimba kwawo akupalira kachewere. Nkhuku ankalandira pokhapokha wodwala atachira, n'chifukwa chake khola lawo silinadzazepo. Akatekisita athu ankawaika gulu limodzi ndi akuba onse oyenda ndi nyanga, ndipo ine ndinkavomereza. Ndikunena izi poyera, popeza anzanga amene tinkavomereza nawo anamwalira osapepesa.

Mu 1947 mlamu wanga Cassimiro, mwamuna wa mlongo wanga Benedita, anathawa chibalo. Asipayo, apolisi a Apwitikizi aja, atayamba kugwira amuna kuti akakumbe msewu, iye anaoloka malire pa Kalomwe kulowa ku Dedza, n'kukwera lole ya olemba anthu a ku migodi ya ku Joni. Zaka zinayi zinatha, zii. Ine nthawi imeneyo ndinali pulofesolo, kapena kuti mphunzitsi, pa kasikola ka m'mudzi, nditaphunzira kwa apadiri zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinamulembera makalata asanu m'Chipwitikizi choyera, chimene ngakhale shefu wa posito, bwana wa boma m'dera lathu, sakanapezamo cholakwa, n'kupatsira amuna opita kumeneko. Yankho silinabwere.

Mng'ono wa Cassimiro, Romano, anayamba kuusa moyo pafupipafupi akamadutsa pakhomo pa Benedita. Ng'ombe za malowolo zinaperekedwa kale, ndipo mwa Chingoni chathu mkazi wamasiye akametedwa tsitsi la maliro amalowedwa chokolo ndi m'bale wa malemu. Apadiri ankaletsa zimenezi Lamulungu, mudzi unkachita Lolemba. Chimene Romano ankasowa chinali imfa yokha.

Imfayo inabwera ndi Dotolo Custódio. Anatulukira cha kumunsi, atavala jekete loyera, ali ndi belu ndi kalilole wa m'thumba. Uyu ndiye sankadziwa mawu akuti kaya. Munthu asanakhale pansi, iye anali atamuuza kale vuto lake, dzina la amene wamulodza ndi mtundu wa mbuzi yofunika. Banja lonse linasonkhana pabwalo masana, iye anauzira mpweya pa kalilole, n'kupukuta ndi mkono wa jekete.

"Ndikumuona! Wamtali, wa mpata m'mano. Cassimiro! Kalanga ine, mwala wamugwera."

Amayi ake a Cassimiro anayamba kulira.

"Takhalani chete, akulankhula. Akuti mkazi wake asavutike, mng'ono wake alipo."

Palibe amene anafunsa chifukwa chake mbuzi ya Romano inali itamangidwa kale kuseri kwa nyumba imene Dotolo ankagona. Inenso sindinafunse. Zinandikomera, kunena zoona: munthu wamoyo sakanalephera kuyankha Chipwitikizi ngati changa. Akuluakulu anagwirizana kuti kumeta kudzachitike tikakolola.

M'mawa mwake Benedita anabwera kusikola ndili pakati pophunzitsa.

"Achimwene, tsitsi langa lisapite chifukwa cha kalilole. Romano sindikumufuna. Ndiperekezeni kwa a Kaya."

"Kwa wachikunja uja?"

"Dzulo munakhala kutsogolo kwa Dotolo pakamwa pali yasa. Tiyeni."

Tinawapeza kudimba, matope mpaka m'mawondo. Benedita anagwada pamzere.

"Amayi, mwamuna wanga ali moyo?"

"Kaya."

Ndinapsa mtima. "Tayenda mtunda wonsewu kudzamva kaya? Mnzanu wa jekete waona mpaka mano ake."

"Apulofesolo, ula wanga ukayenda kwambiri umafika paphiri la Domwe. Ku Joni sungafike, ulibe chitupa." Anapukuta manja pansalu. "Ndamva kuti munalemba makalata. Munkalembera yani?"

"Sinyolo Cassimiro Geraldo, monga analembedwera m'buku la ubatizo."

Anaseka mpaka anatsamira khasu. Kuseka kumeneko ndimakumvabe, ndipo sindinakukhululukire.

"Ana amene ndawalandira m'manja mwangamu, theka abambo awo ali ku Joni. Ndi angati anapita ndi dzina la ubatizo? Munthu wothawa chibalo sanena kuti ndi wa kuno, angamubweze. Amabwereka chitupa cha munthu wa ku Dedza, dzina la pachitupapo n'kukhala lake mpaka adzabwere. Kaya ali moyo, kaya anafa, koma ku Joniko munthu wotchedwa Cassimiro kulibe. Makalata anu akhala akufunafuna munthu amene sanakwere lole."

Amayi onse a m'mudzi ankazidziwa zimenezi. Ine ndinkadziwa mitsinje ya ku Portugal.

"Pitani pa Kalomwe," anatero, "mukafunse a Adelina ophika mowa. Aliyense wooloka amayamba waima pamenepo. Akakati sakudziwa, mudzabwere, tidzaganize zina. Ndipo iwe mwana wanga, usalole lumo pamutu pako chifukwa cha mawu a munthu amene wadya mbuzi ya wokufunayo."

Loweruka ndinapalasa njinga mpaka pa Kalomwe. A Adelina sanachedwe n'komwe.

"Wa mpata m'mano uja? Anandithera nyemba mphika wonse. Anatenga chitupa cha malemu achimwene anga, Inosenti. Onse a mwezi umenewo ali komponi imodzi ya ku mgodi. Mawa kukubwerera munthu kumeneko, lembani."

Ndinalembera Inosenti pomwepo, pa bondo, m'Chinyanja cha kumudzi, mizere inayi yokha. Ndinachita manyazi nayo kalatayo.

Chimanga chinauma, tinakolola, yankho osaoneka. Romano anagula lumo latsopano ku kantina n'kumalionetsa anthu. Mowa wa kumeta unafululidwa. Benedita anaonda, ndipo tsiku lililonse ankaluka tsitsi lake mwatsopano ngati akupita ku ukwati. Ndinabwereranso kudimba kukafunsa ngati kalatayo idzafike nthawi yake. Mukudziwa kale chimene anandiyankha.

Inafika kutatsala masiku awiri, m'thumba la wogulitsa mchere wa ku Kalomwe. Munali chithunzi: Cassimiro wonenepa ngati nkhumba ya apadiri, chipewa chili pambali, mpata wa m'mano uli poyera. Mawu ake anali awa: "Ndili moyo. Uzani Romano asakhudze ng'ombe zanga. Ine Inosenti." Za mkazi wake sanatchulepo.

Tsiku la kumeta anthu anadzaza bwalo, Dotolo Custódio atakhala pampando wa ulemu. Benedita anayenda mpaka pamaso pake, n'kumuikira chithunzicho pa bondo.

"A Dotolo, taonaninso m'kalilole mwanu. Mwala uja wamunenepetsa."

Dotolo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anafotokoza kuti kalilole wake nthawi zina amaonetsa za chaka chamawa. Dzuwa lisanapendeke anali atapita kukakodza, ndipo mpaka lero sanabwereko. Romano ananena kuti lumolo anagulira ndevu. Mowa tinamwa ndithu, unali utapsa kale.

Mwina mukuganiza kuti kuyambira pamenepo anthu anakhamukira kudimba kwa a Efigénia. Ayi. Chaka chotsatira kunabwera wina wa botolo lolankhula, ndipo omwe aja anapita ndi mbuzi zawo. Anthu a kwathu amafuna munthu wowauza dzina la mdani asanakhale pansi. Wowafunsa mafunso, wowatumiza kwa wina wodziwa bwino, wosafuna kanthu asanathandize, ameneyo amati ula wake ndi wozizira. A Efigénia anamwalira mu 1958, ndipo pamaliro awo tinali ochepa moti ndikhoza kutchula aliyense amene sanabwere. Mayina awo ndikuwasunga.

Masiku onse a moyo wawo, tikakumana panjira a Efigénia ankandipatsa moni umodzimodzi: "Apulofesolo, lero mwalembera yani?"

Cassimiro anabwera patapita zaka ziwiri chithawire Dotolo uja, ndi galamafoni ndi chifuwa. Anayamba wawerenga ng'ombe zake, kenako n'kulowa m'nyumba. Benedita anamulandira, koma akalakwa ankamuitana kuti Inosenti, mokweza, mudzi wonse umve. Mlongo wangayo ndiye anatsogola kumwalira, atakalamba, imvi zili mbuu, lumo lisanamukhudze. Amene tinameta pamaliro ake anali Inosenti.