Mkaka umene ndinkataya kuseri kwa chigafa

Mbuzi yanga inaswa mu Febuluwale, nthawi imene kuno ku Njombwa munthu aliyense amayenda ndi phula la fodya m'manja. Inali mbuzi ya mkaka, yoyera, imene ndinalandira ku gulu la amayi a ku tchalitchi. Ndinkaiyembekezera ngati mvula yoyamba. Mwana wanga wamkazi anali atamwalira, n'kundisiyira khanda loti silinayambe n'kukhala komwe, ndipo mkaka wa m'chitini umene anatipatsa ku chipatala unali utafika poti supuni ikukanda pansi. Kugula wina sindikanakwanitsa. Moyo wa mdzukulu wangayo unali m'bere la mbuzi ija basi.

Kamwana ka mbuziko kanatuluka kakufa kale. Kunena zoona sindinadandaule, mumtima ndinangoti mkaka wonse ukhala wa mwana. Koma zotsalira zija zimene zimatuluka pambuyo zinakana kugwa, zinangolendewera kumbuyo. Mbuzi inaleka kudya, makutu anatentha, m'khola munayamba fungo. Ndikakama, tinkangotuluka timadontho. Ndinaimwetsa madzi a thelele monga timachitira, poganiza kuti ziterereka, koma sizinasunthe.

Ndinabereka mwana kuti ndikafune alangizi a ziweto. Ndisananyamuke ndinalowa m'chigafa, mmene amuna anga ankasoka fodya, ndipo ndinawauza kuti mbuziyo asaikhudze. Anavomera ndi mutu, maso ali pa singano.

Amuna angawo ndi munthu wabwino, koma mumtima mwawo muli fodya yekhayekha. Dzino likawawa amaikapo fodya. Nkhuku zikagwidwa ndi utitiri amamwaza fodya m'khola, galu akadzaza nkhupakupa amamusambitsa madzi a fodya. Vuto lake n'loti zimathandizadi, ndiye simungawauze kanthu. Ine nditangokwera kabaza, iwo ananyika masamba m'ndowa, kuwafinya mpaka madzi kuda ngati tiyi wopanda mkaka, n'kuimwetsa mbuzi ndi botolo.

Pobwerera ndinaipeza itagona chammbali, miyendo ikunjenjemera, thovu lili kukamwa.

"Mwaimwetsa chiyani, bambo?" ndinawafunsa.

"Ndimati itsuke m'mimba, mayi. Zoipazo zituluke."

"Ndiye mwatsuka mbuzi kapena mwatsuka mwanayu?"

Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina zoti sindingazilembe. Anthu osoka fodya m'zigafa za pafupi anasiya singano n'kumamvetsera, ndipo sindinawachitire manyazi.

Alangizi anafika pa njinga yamoto dzuwa litapendeka. Ananunkhiza botolo lija n'kupukusa mutu. Anandiuza kuti ndisinje makala ndisungunule m'madzi, ndipo tinaimwetsa pang'onopang'ono, ine nditaigwira pakhosi. Kenako anavala magolovesi n'kuchotsa zotsalira zija, zitaola kale, n'kuibaya jakisoni. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Koma akusamba m'manja anati:

"Amayi, ikadzuka muzikama m'mawa ndi madzulo kuti bere lisaume. Koma mkakawo muzitaya. Muli fodya, mulinso mankhwala ndabayawa. Mwana asalawe mpaka ndidzakuuzeni ndine."

Ndinawayang'ana ngati anditukwana. Ndinawaonetsa chitini, ndinawaonetsa mwana. Anati akumvetsa, koma mawu awo sanawasinthe.

Mbuzi inadzukadi. Inayamba kunyambita mchere, kenako kubudula masamba a mbatata, ndipo mkaka unabwera wambiri, wochita kutulutsa thovu m'jagi. Nthawi yomweyo chitini chinatha. Ndinachitsukuluza ndi madzi otentha n'kumumwetsa mwana madzi oyererawo, kenako ndinayamba kumupatsa phala lamadzimadzi losefa pa kansalu. M'mimba mwake simunalandire. Anatsekula, timasaya tinagwa, liwombo linalowa moti ndinkaopa kuligwira. Ku chipatala anandipatsa madzi a mchere ndi shuga, n'kundiuza kuti mkaka wa m'chitini kulibe mwezi umenewo.

Ndiye m'mawa uliwonse ndinkagwada m'khola, mwana ali kumbuyo, n'kukama jagi yodzaza. Iye ankamva fungo la mkaka n'kumafunafuna ndi kamwa pamsana panga. Ndinkanyamula jagiyo, yofunda m'manja, kupita nayo kuseri kwa chigafa n'kuthira pansi. Dothi linkamwa msangamsanga. Ndaikapo maliro ambiri pa moyo wanga, koma sindinalirepo ngati mmene ndinkalirira kuseri kumeneko.

Tsiku lina amuna anga ananditsatira. "Bwanji tiuwiritse kwambiri, mayi? Moto upha zonse."

Ndinaima ndi jagi m'manja. Ndinafuna kuvomera, Mulungu akudziwa kuti ndinafuna. Ndinaika kale mphika pamoto m'maganizo mwanga. Koma ndinakumbukira thovu lija kukamwa kwa mbuzi, ndipo ndinathira mkakawo pa mapazi awo.

"Mankhwala anu tawaona," ndinatero.

Kuyambira pamenepo ankabwera okha m'khola, kundilanda jagi, n'kukataya iwo. Ankachedwa kubwerako.

Pamene alangizi anabweranso n'kunena kuti tsopano mkaka uli bwino, mwana anali atasiya kulira. Ankangotsegula kamwa, mawu osatuluka. Ndinawiritsa mkaka, kuusungunula monga anandiphunzitsira, n'kuuziziritsa. Supuni yoyamba inatayikira pa chitenje. Amuna anga anagwada pafupi kuti agwire kapu, ndipo m'pamene ndinaona manja awo. Anali atawakwecha ndi mchenga kuchotsa phula la fodya mpaka khungu kusupuka, m'zala mukutuluka magazi.

Ndinadontheza pang'ono pa lilime la mwana. Tonse awiri tinayang'ana pa kakhosi kake, osapuma. Kanasuntha. Ndinatunga supuni ina.